Mayi Simbi ndi Benchi la Pakhomo

Bambo mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa Mayi Simbi mu nyuzi ya parishi ino, ndinavomera, koma ndinawauziratu kuti sindipaka mafuta. Malemuwo ankadana ndi kutamandidwa pa zinthu zabodza, ndipo muona chifukwa chake. Dzina lawo la ubatizo lili pa mtanda kumanda. Kuno tonse, kuyambira a kwaya mpaka ansembe, tinkangowatcha Mayi Simbi, chifukwa moyo wawo wonse unathera pa thebulo lositira. Ine ndinakhala nawo khoma limodzi zaka zambiri, madzi tikutunga pa mpopi umodzi.

Anabadwira m'nyumba ya chipinda chimodzi kuseri kwa siteshoni ya sitima, ali mwana woyamba. Bambo awo ankanyamula katundu pa siteshonipo, mayi awo ankachapa zovala za anthu. Bambowo atavulala msana, sukulu inathera pomwepo. Anayamba kusita asanatalike mofika pa thebulo, moti ankaima pa bokosi. Mayi awo ankapemphera kolona uku akufinya zovala, ndipo mwanayo anatengera zonse ziwiri, pemphero ndi manja osakhala chete.

Tsiku lina sisitere wa pa parishi anaona kolala ya diresi lawo, nafunsa kuti wasita ndani. Atamva kuti anasita okha, sabata yomweyo anawapatsa nsalu za paguwa kuti azisita. Kuchokera pa nsaluzo anafika poyang'anira chipinda chovalira ansembe: kuyala guwa, kuyatsa makandulo, kukoleza makala a m'chofukizira lubani. Lamulungu lililonse ndiwo ankayamba kulowa m'tchalitchi, kutuluka n'kukhala omaliza. Ankakonda kunena kuti, "Ine kuimba sinditha, kulalika sinditha. Pemphero langa ndi nsalu yopanda makwinya."

Anakwatiwa ndi makaniko wa mabasi, munthu wanthabwala, wosuta fodya ngati chumuni. Iyeyo ankati anapita kukafunsa ngati ovololo yake ingayere, n'kubwerako ndi mkazi, ovololoyo ili chidere. Kutchalitchi ankabwera mwa apo ndi apo, koma nsalu za paguwa ankazinyamula pamutu ngati mazira. Analera ana awo bwino, ndipo wamkazi ndiye anadzawasunga mayi ake muukalamba.

Ana atakula pang'ono, Mayi Simbi analembedwa ntchito pa malo ochapira ndi kusitira zovala, pansi pa nyumba yosanja m'kamsewu kopapatiza. Kutsogolo kunali kauntala ndi zovala zolendewera m'mapepala. Kumbuyo kunali makina, nthunzi, zigubu za mankhwala ochotsera mathotho, ndi chitseko cha kuseri chimene nthawi zonse chinkakhala chokhoma. Kumbuyoko ankagwirako ntchito ndi mnzawo wopinda zovala, amene tonse tinkamutcha Kaphokoso, chifukwa mawu ake ankaposa makina. Awiriwa ankadyera mbale imodzi. Kaphokoso ankawaseka kuti, "Achemwali, inu kumwamba akadzakupatsani mkanjo woyera mudzaubweza kuti sunasitidwe bwino."

Tsiku lina masana, Mayi Simbi anapita kutsogolo ku kauntala kukapereka jekete kwa mwini wake. Kumbuyo waya unathetheka, moto unagwira zigubu zija. Pomwe amatembenuka, khomo lapakati linali lawi lokhalokha. Anayesa kulowa, amuna a mumsewu anawagwira. Kaphokoso sanatuluke.

Ine nditafika ndinawapeza ataima tsidya la msewu, jekete lija lili m'manja, akusalaza mkono wake. Ndinati, "Achemwali, tiyeni kunyumba." Anandiyang'ana ngati ndine mlendo, nati, "Mwini wake abwera posachedwa." Momwe anafikira kunyumba sanazikumbukenso. Pamaliro sanagwetse msozi. Masiku otsatira ankasita shati imodzi ya amuna awo, kuipinda, kuifunyulula, kuisitanso, simbiyo ili yozizira, yosalumikiza ku magetsi. Anthu obwera kudzazonda ankatuluka akupukusa mitu mosirira: "Chikhulupiriro chake chimenechi! Ngakhale kulira komwe ayi."

Apa ndi pomwe mpingo wathu unasokera, ndipo unasokera ndi mtima wabwino.

Lamulungu loyamba kubwerera kutchalitchi, Mayi Simbi anangofika pakhomo, fungo la makandulo ndi lubani n'kuwawomba m'mphuno. Miyendo inakana. Anakhala pa benchi lomaliza, pafupi ndi chitseko, pomwe pamadutsa mphepo. Makiyi a chipinda cha ansembe anapatsa mayi wina, n'kuti, "Nanunso mutumikireko." Anthu anati taonani kudzichepetsa. Zakudya zinkawakanika, anthu anati akusala. Ankabwera kutchalitchi masana, makandulo ali ozima, n'kukhala okhaokha, anthu anati amapemphera tsiku lathunthu. Analeka kupita kutsogolo kukalandira Ukaristia, anthu anati akudziyesa osayenera, ngati oyera akale. Nsalu anapitiriza kusita kunyumba, amuna awo n'kumakasiya. Bambo mfumu a nthawi imeneyo, munthu wabwino ndithu, anafika powatchula mu ulaliki, kuti ofuna kuphunzira kudzichepetsa atembenuke ayang'ane benchi la pakhomo. Tchalitchi chonse chinatembenuka. Iwo anaweramitsa mutu, anthu n'kuonjezera kusirira.

Kunyumba kunali nkhani ina. Makaniko uja anasiyiratu fodya nthawi yomweyo, pomwe mkazi wake analephera kumusiyitsa kwa zaka. Anagula kambaula ka magetsi, machesi n'kukabisa ku ntchito. Tsiku lina pa mpopi anandiuza kuti, "Mlamu, woyera wanu uja dzulo anadzitsekera kubafa chifukwa aneba amaotcha zinyalala. Tulo sagona, amangodzidzimuka. Woyera wanji woopa machesi?" Ndinawafunsa Mayi Simbi maso ndi maso. Anati, "Palibe kanthu, achemwali, ndi kutopa chabe." Anali atatseka pakamwa ndi loko, ndipo matamando a mpingo anali ngati loko wachiwiri. Munthu amene aliyense akumutcha woyera anganene bwanji kuti akuopa guwa?

Chimene ankabisa ndi ichi, ndipo anandilola okha kuti ndidzachinene: ankakhulupirira kuti Mulungu wawatsekera kuguwa chifukwa anatuluka amoyo n'kusiya mnzawo m'moto. Nthawi iliyonse thupi likakana kuyandikira makandulo, iwo ankamva ngati ndi dzanja la Mulungu likuwakankha. Munthu amene anakulira paguwa ankadziona wopirikitsidwa m'nyumba ya Atate ake, ndipo ankaopa kuti adzafa ali panja.

Patapita miyezi, bungwe la amayi linagwirizana ndi bambo mfumu kuti awalemekeze. Anati wodzichepetsa ayenera kukwezedwa. Lamulungu lina, tchalitchi chitadzaza, Misa isanayambe, bambo mfumu anaitana: "Mayi Simbi, bwerani kuno kutsogolo, mutiyatsire makandulo monga kale." Anthu anaomba m'manja. Iwo chibadwire anali asanakanepo wansembe. Anaimirira, nayenda pakati pa mabenchi, nkhope ili mbuu. Anawapatsa machesi. Anakhwatcha kamodzi, lawi linatuluka, fungo linakwera. Kamtengoko kanagwa pansi. Kenako mayi amene sankakweza mawu anakuwa mpaka malata kulira:

"Tsegulani chitseko cha kuseri! Ali m'katimo! Tsegulani!"

Anagwa chogwada. Ndipo misozi imene inasowa pamaliro inatulukira pamenepo, patsinde pa guwa.

Mwamwayi tsikulo makaniko analipo, poti anamva kuti kuli mwambo wa akazi ake. Anadutsa pakati pa anthu, nawafunditsa jekete lake, nati kwa bambo mfumu, "Pepani abambo, kwa ife Misa yathera pomwepa." Panja malilime anali atatembenuka kale. Omwe aja ankati woyera anayamba kunong'ona za ziwanda, ena za misala. Anthu ndi momwemo: akakukweza pamwamba, makwerero amachoka nawo.

M'mawa mwake bamboyo sanapite ku ntchito. Anati, "Mayi a mwana, basi ikamagogoda sitiipempherera yokha, timatsegula boneti." Anapita nawo kuchipatala, ine ndikuperekeza. Atatitumiza makomo angapo, tinafika m'kachipinda kokhala ndi mipando itatu ndi zenera lotsegula, momwe munali namwino woona za matenda a maganizo, mayi wodekha, wosathamanga ndi cholembera. Anawafunsa za tulo, za chakudya, za tsiku la moto lija. Pamapeto Mayi Simbi anaulula.

"Anamwino, si matenda awa ayi. Ndi chilango. Mulungu sakundifuna kuguwa kwake."

"Mayi, kunyumba kwanu kuli guwa?"

"Kulibe."

"Nanga wina akayatsa machesi kumeneko, zimachitikanso?"

"Zimachitika."

"Aneba akamaotcha zinyalala?"

"Ndiye kwambiri," anayankha makaniko. "Bafa limakhala lawo tsiku lonse."

"Ndiye chimene chikukukankhanicho si guwa," anatero namwino. "Ndi utsi."

Mayi Simbi anamuyang'ana namwinoyo m'maso. Kenako anafunsa ndi timawu tating'ono, "Ndiye kuti sanandithamangitse?"

"Za kumwamba mukafunse abambo mfumu. Za thupi ndikuuzeni ine."

Anawafotokozera momveka. Munthu akaona choopsa choposa mphamvu zake, masiku oyamba akhoza kuuma ngati chitsa, osalira, osakumbukira bwino, n'kumachita zinthu ngati ali m'maloto. Kwa ambiri zimenezi zimatha zokha m'masiku ochepa. Kwa ena zimakakamira: fungo, phokoso kapena lawi zimawabwezera pa tsiku lomwe lija, thupi n'kuchita ngati ngoziyo ikuchitika tsopano, munthu n'kuyamba kuzemba chilichonse chomukumbutsa. "Si kufooka kwa chikhulupiriro, si ziwanda, ndipo si inu nokha," anatero. "Ali ndi dzina matendawa, ndipo thandizo lilipo."

Tikutuluka, Mayi Simbi anaima pa khonde la chipatala n'kupuma mpweya wautali, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Kenako anati, "Bambo a mwana, ndili ndi njala." Makaniko anatsala pang'ono kuvina.

Bambo mfumu anabwera kunyumba sabata yomweyo. Ndiwayamikire pano: sanadziteteze. Anati, "Mayi, ndinakutamandani m'malo mokufunsani. Mundikhululukire." Anawatsimikizira kuti amene anagwidwa ndi amuna kuti asalowe m'moto sanasiye mnzake. Lamulungu lotsatira, atatha kugawa Ukaristia kutsogolo, anayenda tchalitchi chonse mpaka pa benchi la pakhomo, nawapatsa pomwepo. Mayi Simbi ankati tsiku limenelo guwa linawalondola.

Kuchira sikunabwere ngati mvula ya tsiku limodzi. Ankapita kwa namwino uja kukalankhula za motowo mobwerezabwereza, mpaka nkhaniyo inaleka kuwatsamwitsa. Anaphunzira kupuma pang'onopang'ono mantha akabwera. Anapatsidwanso ntchito ya kunyumba: amuna awo aziyatsa machesi pabwalo, iwo akuonera pa zenera, kenako pakhomo, kenako pafupi. Makaniko ankanyada nazo. "Zaka zonsezi mumandikaniza machesi, lero achipatala andilembera okha!" Kutchalitchi ankasendera benchi ndi benchi. Masabata ena ankabwerera m'mbuyo, ndipo sankadzitukwana. Ankati, "Simbi ikatentha mopyola umaiimika, suitaya."

Tsiku limene anayatsanso kandulo panalibe kuomba m'manja. Inali Misa ya m'mawa pakati pa sabata, anthu ochepa, nkhalamba zokhazokha. Anayatsa, n'kuongola nsalu ya paguwa imene wina anaiyala mopendekeka. Pa msonkhano wa amayi wotsatira anaimirira osapemphedwa. "Amayi anzanga, ndikonze nkhani. Sindinali woyera, ndinkadwala. Sindinagwidwe ziwanda, ndinkadwala. Ndinapita kuchipatala, ndipo ndikupitabe. Wofuna njira yake andifunse." Ena anayang'ana pansi. Mayi wina wachikulire anati chapansipansi, "Kumatsegulidwa tsiku lanji?"

Makiyi a chipinda cha ansembe sanawatengenso. Akatha kuyatsa makandulo ankabwerera ku benchi la pakhomo, tsopano mwa kufuna kwawo. Ankati pamenepo ndi pomwe pamakhala anthu okonzeka kuthawa. Ankaona amene walowa mochedwa n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe, amene wasiya kwaya mwadzidzidzi, amene akumutama kuti walimba mtima pamaliro. Ankasendera pafupi, osalalika, n'kufunsa funso limodzi: "Mukugona tulo?" Dalaivala wina amene anachita ngozi n'kuleka kugwira chiwongolero anamuperekeza okha kuchipatala. Bambo wina wa mu ofesi, amene atapuma pa ntchito ankavalabe taye m'mawa uliwonse n'kumangokhala pa khonde akukalipira ana, anamunyengerera mpaka anapita. Winawake atawafunsa ngati pemphero silikwanira, anayankha kuti, "Nsalu ndimaipempherera, koma ndimaisitanso."

Sanali munthu wopanda chilema. Anali wouma mutu, ndipo nsalu yosita wina ankaisitanso mwini wake akuona. Sanakhalenso ngati kale kwenikweni. Mpaka ukalamba, akalowa m'nyumba yachilendo, maso ankayamba afufuza makomo.

Mayeso ena anabwera makaniko atamwalira. Mwana wawo wamkazi anawatenga kukakhala nawo m'nyumba yosanja, pamwamba, kutali ndi mpopi wathu. Zovala kumeneko ankachapa ndi makina, ndipo panalibe wofuna kusitiridwa. Chisoni cha maliro chinali chake, koma panali china: ankangokhala pa zenera, kulira popanda chowaputa, kukwiyira adzukulu, kusowa chodzukira m'mawa. Ulendo uno sanadikire kuti wina awatche woyera. Anauza mwana wawo kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndiperekeze." Namwino amene anamupeza anali wina, wamng'ono. Anawauza kuti izi sizinali za moto zija, koma kuvutika kuzolowera moyo umene wasintha kwambiri nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri kumapepuka munthu akathandizidwa kupeza poponda. Analankhula naye maulendo angapo. Mpongozi wawo anawakonzera thebulo lositira pa khonde, ife n'kumatumiza nsalu za paguwa pa basi. Posakhalitsa anadziwana ndi aneba onse a pa masitepe, ndipo funso lawo lija linafika m'makomo atsopano.

Chaka chino mtima unayamba kufooka. Sabata yawo yomaliza sanadzukenso. M'mawa wa tsiku lomwe anatisiya, bambo mfumu athu a tsopano anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Mwana wawo anali atayala kansalu koyera pa thebulo ndi mtanda, koma kandulo anaibisa m'kabati. Ankaopa kuti mwina pa ola lomaliza, mutu utafooka, moto uja ungabwerere, mayi ake n'kupita akukuwa. Ine ndinali ndi mantha omwewo, ndipo bambo mfumu, amene anaimva mbiriyo, sanafunse kanthu.

Mayi Simbi anatsegula maso, nayang'ana pa thebulo.

"Kandulo ili kuti?"

"Amayi, kunja kwawala kale," anatero mwanayo.

"Iwe, ndakufunsa za dzuwa? Mukufuna ndikafike kwa eni ake chozemba ngati wakuba? Bweretsa. Machesinso."

Anabweretsa. Anafuna kuyatsa okha, koma zala zinalibe mphamvu, ndiye mwana wawo anagwira dzanja lawo, n'kukhwatchira limodzi. Fungo lija linadzaza m'chipinda. Tonse tinaleka kupuma, maso ali pa nkhope yawo. Iwo anayang'ana lawilo nthawi yaitali, chifuwa chikukwera ndi kutsika mwa bata.

"Tsegula zenera pang'ono," anatero. Kenako anamwetulira. "Kaphokoso andiseka. Ndikupita ndi diresi losasita."

Analandira Ukaristia, anadzozedwa, anayankha mapemphero onse. Masana anagona tulo, tulo teniteni, ndipo sanadzukenso. Kandulo inali ikuyakabe.

Ena apempha kuti benchi la pakhomo tiikepo chikwangwani cha dzina lawo. Ine ndikuti ayi, akanatikalipira. Benchilo likhale la aliyense amene miyendo yamukana. Koma Lamulungu likudzali, musanatuluke, tembenukani muone amene wakhalapo. Musamutamande, musamunong'one. Senderani pafupi, mumufunse ngati akugona tulo.

Ambuye, mupatseni mpumulo mtumiki wanu uyu, amene ankaopa kuti mwamutsekera kunja, pomwe chitseko chanu chinali chotsegula nthawi yonseyi.